Bambo ndi mwana kuno ku Mangochi: mafunso ndi mayankho

Ndinaphunzitsa sukulu za pulayimale m'boma lino kwa zaka zoposa 30, kuyambira kumapiri a ku Namwera mpaka kugombe cha ku Makawa, ndipo pano ndinapuma. Kupuma kwa mphunzitsi n'kwa papepala chabe. Anthu amakupezabe pakhonde, pamaliro, ngakhale pamzere wa kuchigayo, n'kuyamba kuti, "Aphunzitsi pepani, ndili ndi kafunso." Kafunsoko nthawi zambiri kamakhudza bambo: amene ali ku Joni, amene amagona panyanja, amene anachoka, kapena amene alipo koma akusowa poyambira. Ndasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera. Ena ndawayankha ngati mphunzitsi, ena ngati mwana wa msodzi, ena ngati bambo amene analakwitsapo yekha.

Kuno ana ndi a kuchikazi. Nanga bambo ali ndi mbali yanji?

Funso ili amafunsa ndi abambo okhaokha, ndipo ena amalifunsa yankho ali nalo kale m'thumba. N'zoona kuti pakati pa Ayao ndi Anyanja a kuno mwamuna amakamanga kwa mkazi. Ndi mkamwini. Ana amawerengedwa ku mbumba ya mayi, ndipo mwinimbumba, amene pa Chiyao amati asyene mbumba, ndi mlongo wawo wa mayiwo. Pa ukwati wa mwana, pa mlandu, pa maliro, mawu otsiriza ndi a malume. Banja likatha mwamuna amanyamula bulangete ndi njinga, nyumba ndi mango amene anadzala n'kutsala.

Koma taganizani za madzulo wamba, a Lachiwiri lililonse. Malume uja ali kuti? Nayenso ndi mkamwini kumudzi kwina, mwina kutsidya kwa Shire, akulera ana amene mwambo ukuti si ake. Amene mwana amamuona akusamba m'manja asanadye, akuyankhula ndi mayi ake mokoma kapena mokalipa, akulowa ndi ndiwo m'manja kapena akulowa akudzandira, ndi bambo. Malume amabwera pa nkhani zikuluzikulu, kangapo pachaka, pamene khalidwe la mwana likuumbika tsiku ndi tsiku pa mkeka wodyera nsima.

Boma nalo linaikapo mlomo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo wolera kwa makolo onse awiri, kaya ali pabanja kaya banja linatha, ndipo silifunsa ngati munthu ndi mkamwini. Chimene ndaona ine n'chakuti chikamwini timachikumbukira nthawi ya fizi. Zotsatira za Fomu 4 zikatuluka bwino, yemwe uja ankati "akapemphe kwa amalume ake" ndiye amazungulira msika wonse akuti, "Mwana wanga uja wakhoza."

Kodi mwana wa msodzi azikhalanso msodzi?

Ababa anga anali msodzi. Ndikatseka maso ndimawaona pansi pa mlambe, ukonde atautambalitsa n'kuukola kuchala chachikulu cha kuphazi, singano ya nsungwi ikuyenda yokha m'manja iwo akucheza ndi anzawo. Kwa iwo ndinaphunzira kusiyanitsa mwera, mpoto ndi vuma, kudziwa kuti usipa umakola mwezi ukakhala mumdima chifukwa ndi pamene umathamangira nyali, ndiponso kuti mu Juni ndi Julayi munthu wofuna moyo amayamba wayang'ana kum'mwera asanakankhe bwato. Nzeru zimenezi sizipezeka m'buku la Sitandade 8, ndipo bambo amene ali nazo asazibise.

Vuto n'lakuti nyanja imalipira msanga. Mnyamata wa Sitandade 5 akapita usiku umodzi kukakoka ukonde wa chilimila, m'mawa ali ndi ndalama m'thumba, pamene mnzake walawira kusukulu ndi chimanga chokazinga. Mumuuza chiyani? Chimene iye saona ndi mmene ntchitoyo inagawikira. Pali mwini zida, amene ali ndi boti, injini ndi ukonde. Pali siginala, amene amakhala m'bwato la nyali kukopa nsomba. Ndiye pali alovi okoka. Akachotsa za mafuta, gawo lalikulu limapita kwa mwini zida, alovi n'kugawana zotsala. Mwana wosiya sukulu amalowa ngati mlovi, ndipo ambiri imvi zimawapeza ali alovi. Nsombanso zake si zija zakale. Ife tili ana chambo cha ku Malombe chinali ndiwo wamba, lero a ku Malombe akukhalira kambuzi, chambo chikudyedwa m'mahotela. Ndiye Novembala akafika nyanja n'kutsekedwa kuti nsomba ziswane, mlovi amangokhala manja lende.

Kukonda nyanja sikutanthauza kukoka ukonde kokha. Pa Mpwepwe pomwepa pali koleji ya boma ya za usodzi. Ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa oyendetsa sitima ndi okonza injini zake, ndipo Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imafuna anthu otere. A kampani ya nsomba ya Maldeco akuweta chambo m'makola a m'madzi. Makomo onsewa amafunsa satifiketi, ndipo mwana wa msodzi amene ali nayo amaposa anzake a kumtunda chifukwa madzi anawadziwa kale.

Ine ababa ananditsitsa m'bwato ndili Sitandade 6. Usiku umenewo tinakola bwino, ine n'kumayembekezera kuyamikiridwa. Titafika pagombe anandipatsa nkhafi kuti ndikasiye kunyumba, n'kunena pamaso pa alovi onse kuti, "Uyu asadzakwerenso. Amene adzamukweze adzaonana ndi ine." Ndinawakwiyira chaka chathunthu. Loweruka lokha ndiye ankandilola kuyanika usipa pathandala ndi kuwawerengera ndalama, ndipo ndikalakwitsa kuwonkhetsa ankadziwa, ngakhale sankatha kulemba dzina lawo.

Bambo a ana ali ku Joni ndipo ndalama amatumiza mwezi ndi mwezi. Si kulera kumeneko?

Ndi kulera, ndisaname. Malata ambiri amene akung'anima kwa Chimwala, kwa Jalasi mpaka ku Makanjira anagulidwa ndi marandi. Ulendowunso sunayambe ndi anyamata a lero. Azigogo athu ankapita ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito, kukakumba m'migodi. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 ndi TEBA, dzina latsopano la Wenela, n'kudzatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Migodi itatseka khomo anthu anangosintha njira: pasipoti, basi, ntchito ya m'shopu, ya kutchetcha kapinga, ya zomangamanga. Choncho alipo mabanja kuno amene agogo, bambo ndi mwana, onse anakula bambo wawo ali kutali.

Apa ndi pamene bambo amasankhira mwana ntchito osatsegula pakamwa. Watulukira mu Disembala ndi foni yatsopano, nsapato zoyera, njinga yamoto. Mwana wa zaka 12 ayang'ane bambo ake, ayang'anenso mphunzitsi wake amene wavala malaya amodzimodzi sabata yonse, masamu athera pomwepo. M'kalasi ndikafunsa kuti mukufuna kudzakhala ndani, atsikana ankati namwino, anyamata ambiri n'kuti, "Ndidzapita ku Joni," ngati kuti Joni ndi dzina la ntchito.

Chimene abambo sanena ndi mbali inayo: kugona anthu asanu m'kachipinda ka malata, kuzemba apolisi masiku a papasipoti akatha, kumanidwa malipiro popanda kokadandaula. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa ku South Africa, tinaona mabasi akubweza anthu athu, ena atangonyamula jumbo. Bambo amene amamufotokozera mwana zimenezi mosabisa wamuchitira chinthu chachikulu kuposa nsapato zija. Akadzapita, adzapite akudziwa.

Za kuyankhulana, masiku ano kuli WhatsApp, ndiye chowiringula chachepa. Koma mafoni ambiri a ku Joni amathera pa mayi. Ndalama zafika pa Mukuru, simenti yagulidwa, "Ana onse ali bwino?" "Ali bwino." Basi. Muitanitseni mwanayo payekha. Mufunseni dzina la mphunzitsi wake, amene amakhala naye desiki imodzi, chimene chamuvuta pa masamu sabata ino. Mawu a mphindi imodzi ojambula pafoni mwana amawamvera kakhumi. Ndinapezapo kamtsikana kena kuseri kwa kalasi katazunguliridwa ndi anzake, kakuwamvetsa mawu a bambo ake pafoni imene kanazembetsa kwa amayi. Ndinayenera kuilanda, koma ndinangodutsa ngati sindinaone.

Ana akakula amakumbukira chiyani za bambo awo?

Chaka chilichonse ndinkapatsa ana a Sitandade 7 chimangirizo cha mutu wakuti "Bambo anga". Ndawerenga zimangirizo zotere mazanamazana, ndipo za kuchuluka kwa ndalama munalibe. Ankalemba kuti, "Bambo anga amandikweza pahandulo." "Bambo anga amandisiyira mutu wa kampango." "Bambo anga akaledzera timakagona kwa anganga." Wina anangolemba mzere umodzi, kuti bambo ake amawadziwira pachithunzi atavala jekete lachikopa, pepala lonse n'kulisiya loyera. Ndinakhala nalo nthawi yaitali cholembera chofiira chili m'manja.

Ine ndimakumbukira fungo la palafini ndi nsomba pamalaya a ababa, ndi tsiku limodzi limene anandikweza njinga mpaka pa boma. Anandiimika pa chipilala cha wotchi chija cha Mfumukazi Victoria, n'kundigwiritsa mfuti yaikulu yochokera pa Guendolen, sitima imene inawombera sitima ya Ajeremani panyanja yathuyi mu 1914. Iwo za chaka analibe nazo ntchito, ankangoti "nkhondo ya Jeremani". Kenako tinalowa m'tiyirumu, n'kundigulira sikono ndi tiyi wamkaka, iwo n'kumwa wopanda mkaka. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa za nkhondo imeneyo, ndikangotchula 1914 m'kamwa mumabwera kukoma kwa sikono.

Tili ndi mwambi wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo pa 15 Okutobala dziko lonse limapuma kulemekeza anakubala. Bambo alibe tchuthi chotere. Ena amadandaula nazo. Ine ndimati mayi anaberekera kumsana zaka ziwiri, malo ake mumtima mwa mwana anawapeza kale, pamene ife abambo timayenera kuwagwirira ntchito ndi timaulendo ta panjinga ngati timeneti.

Ine sindinapite kusukulu. Ndingamuthandize bwanji mwana pa maphunziro?

Musachite manyazi, simuli nokha. Abambo ambiri a msinkhu wanga kuno sanaponde m'kalasi chifukwa makolo achisilamu ankaopa kuti sukulu za mishoni ziwatembenuzira ana, ndipo mantha amenewo anali ndi pogwira. Pulayimale yaulere inangobwera mu 1994.

Kuyang'ana kope sikulira kudziwa kuwerenga. Munthu aliyense atha kuona ngati masamba a sabata ino alembedwa kapena ndi oyera, ngati aphunzitsi achonga kapena ayi. Mwana akadziwa kuti Lachisanu madzulo ababa amati "bweretsa makope", amalemba. Mumupatse akuwerengereni uthenga wa pafoni, kapepala ka kuchipatala, risiti ya fetereza, ndipo akamadodoma musamuseke. Chachikulu pa zonse, kafikeni kusukulu kamodzi pateremu musanaitanidwe. Ndikuuzani chinsinsi cha aphunzitsi: m'kalasi la ana oposa 100, mwana amene bambo ake anabwerapo kudzatipatsa moni timamudziwa dzina, ndipo akajomba timafunsa. Pamisonkhano ya makolo mabenchi amadzaza ndi zitenje, zisoti n'kukhala zowerengeka.

Madrasa ndi sukulu sizilimbana. M'mawa kusukulu, masana kwa mwalimu. Ana ambiri amene ankaloweza msanga m'kalasi langa anali ozolowera kuloweza kumadrasa.

Kodi ndimusankhire ntchito mwana wanga?

Musamusankhire, komanso musangokhala chete. Mwana amasirira ntchito imene waiona. Ngati waona msodzi, wakabaza ndi wa ku Joni basi, asankha pa zitatu zomwezo. Muyende naye. Akaone telala akudula nsalu, mmisiri akukhoma boti la matabwa, wowotcherera zitsulo, namwino, wolemba milandu kukhothi. Ntchito zamanja nazo zili ndi sukulu ndi mapepala ake kudzera ku TEVETA, si za olephera ayi.

Boma lathu lino lili ndi chitsanzo chimene ana amachidziwa ngati dzina la msewu wa ku Blantyre chabe. Henry Masauko Chipembere anali mwana wa Habil Chipembere, mphunzitsi amene anadzakhala wansembe wa Anglican, wa ku Malindi kutsidyaku. Mwanayo anaphunzira mpaka ku Fort Hare ku South Africa, ndipo mkanjo wa unsembe sanauvale, analowa ndale. Atsamunda atamutsekera m'ndende mu 1961, bambo ake ndiwo anakakhala pampando wake kunyumba ya malamulo. Atasemphana ndi Kamuzu, mu Febuluwale 1965 anatsogolera gulu limene linalanda boma la Fort Johnston, limene lero tikuti Mangochi, koma ulendo wa ku Zomba unathera pa Liwonde. Anamwalirira ku America mu 1975. Za ndale zake aliyense ali ndi maganizo ake. Chimene ndimaona ine n'chakuti kukonda buku ndi kuima pagulu n'kuyankhula mosanjenjemera anakulira nazo m'nyumba, ntchito n'kusankha yekha, bambo n'kumuimira pa nthawi ya mavuto.

Ine zimenezi ndinkaphunzitsa ana a eni, kwanga n'kuchita zina. Mwana wanga woyamba ankakonda kumasula chilichonse chokhala ndi bawuti. Ndinamukakamiza kupita kukoleji ya uphunzitsi chifukwa ndinkafuna mphunzitsi wachiwiri pabanja. Anakhalako chaka chimodzi n'kuthawa. Ndinati chabwino, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Pano akukonza injini za maboti ku Monkey Bay, ali ndi anyamata awiri owaphunzitsa, ndipo malata a nyumba imene ndikulemberamo anakhoma ndi iye. Nyanga ija ndikudikirabe kuti ifote.

Nanga mwana wamkazi? Si wa amayi ake ameneyo?

Mwambo umati mtsikana akatha msinkhu bambo azitalikirako, asalowe kuchipinda kwake, zina azimva kwa amayi ndi anankungwi. Ulemu umenewo ndi wabwino. Koma abambo ambiri amautenga ngati chilolezo chosiyiratu kuyankhula naye, ndipo amamusiya pa msinkhu umene amuna ena ayamba kumuyankhula.

Kuno chiyeso chachikulu chimabwera ndi mnyamata wa ku Joni. Watumiza foni, watumiza chitenje cha amayi, walonjeza malata. Mtsikana ali Sitandade 8. Amayi ndi anganga mtima wagwa kale. Pamenepo mawu a bambo amalemera, ngakhale ali mkamwini, chifukwa ankhoswe sangapitirize nkhani mwini nyumba atakana poyera. Lamulonso lili kumbali yake. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, makolo avomere asavomere.

Zikalakwika, mtsikana n'kutenga mimba, sukulu sinathe. Kuyambira 1993 boma limalola kuti akabereka abwerere m'kalasi. Amene ndinawaona akubwereradi ndi amene bambo awo anawaperekeza okha kwa ahedi, manyazi atawameza. Bambo wina wogulitsa usipa anauza mwana wake pamaso panga kuti, "Amama, mwanayu tilera ife, inu lowani." Tikawerenga asungwana a kuno amene anafika ku St Michael's ku Malindi kapena ku Lisumbwi, kumbuyo kwa ambiri kuli bambo wouma mutu ngati ameneyu.

Khanda ndi la mayi. Ine ndingachitenji?

Yambani ndi sikelo. Achipatala amapempha kuti mwamuna aperekeze mkazi wake ulendo woyamba, mukayezetse limodzi ndi kumva limodzi malangizo. Anzanu pabawo adzakusekani tsiku limodzi, n'kuiwala. Ngati muli pantchito yolembedwa, lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 ndipo limapatsa bambo tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu. Masabata amenewo ndi otunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kunyamula mwana kuti mayi agoneko, si okachezera kudoko.

Pa jando bambo achite chiyani?

Kundagala kuli eni ake: angaliba, anakanga ndi alombwe. Za kumeneko sizikambidwa pano. Za bambo ndi ziwiri. Choyamba, aonetsetse kuti mwana walowa ndi kutuluka mkati mwa holide, sukulu isanatsegulidwe, ndiponso kuti mdulidwe wachitika mwaukhondo. Masiku ano ambiri amayamba adutsa kuchipatala, mwambo n'kupitirira pambuyo.

Chachiwiri ndicho chimaiwalika. Mwana wa zaka 10 watuluka, wavala zatsopano, waimbiridwa, wauzidwa kuti wakula. Akabwerera m'kalasi safunanso kutumidwa ndi mphunzitsi wamkazi, kusesa akuti n'kwa ana. Amene angamuuze kuti kukula kumeneku sikuchotsa munthu pa desiki ndi mwamuna mnzake amene anadutsa komweko. Mayi akanena, iye amati sadziwa za amuna.

Popanda chikwapu mwana angamve?

Amamva, koma mochedwerapo, ndipo ambirife chimene chimatisowa ndi kudekha. Ndinakwapulapo ana, a kusukulu ndi anga omwe, nthawi imene tinkati ndiko kuphunzitsa. Pano m'sukulu n'zoletsedwa. Ndikakumana ndi amene ndinawakwapula, tsopano ali ndi ndevu, amakumbukira tsiku lake, mtengo umene ndinathyola, ngakhale malaya amene ndinavala. Ndikawafunsa chimene analakwa, amaseka n'kuti aiwala. Mwana woopa bambo amaphunzira kubisa, ndipo tsiku limene adzakhale pavuto lenileni, ngongole, mimba, chamba, bambo ndiye adzakhale womaliza kumva. Kulanga kulipo kwina: kumulanda foni, kumuletsa mpira, kumubwezetsa chimene waba iye mwini inu mutaima pambali.

Banja linatha ndipo bambo sathandiza ana. Ndipite kuti?

Yambirani kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Zikakanika, kwa amfumu, kwa shehe kapena kwa abusa. Zikakanikanso, pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC, kapena kupolisi kunthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo iwo akulozerani kukhothi la majisitireti. Khothi lili ndi mphamvu yolamula bambo kupereka ndalama zolerera mwana molingana ndi mapezedwe ake, ngakhale ukwati unali wosalembetsa, ngakhale panalibe ukwati n'komwe. Sungani marisiti a fizi ndi a kuchipatala.

Pempho langa kwa amayi ndi limodzi. Mlandu wanu ndi bamboyo usadutse m'makutu a mwana tsiku lililonse. Mwana akamamva kuti "abambo ako ndi galu", amadziwerengera yekha kuti iye ndi mwana wa chiyani. Kwa abambo a mitala, ana amawerenga. Amadziwa nyumba imene inalandira chambo ndi imene inalandira bonya, ndipo kawerengedwe kameneko amakatulutsa pa maliro anu.

Bambo akamwalira, boti ndi ukonde n'za ndani?

Kale akuchimuna ankabwera maliro asanazizire, n'kutenga boti, injini, njinga, ngakhale wailesi, ponena kuti anawo ali ndi amalume awo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linathetsa zimenezo. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi ndi ana, ana onse, a m'banja ndi a kunja komwe, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi. Komabe lamulo limafika mochedwa pagombe, boti litapalasidwa kale usiku. Lembani wilo muli moyo, musayine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu, nazo zisayine. Kulemba wilo sikuitana imfa. Ababa sanalembe, ndipo ukonde umene ndinkauona pansi pa mlambe uja ndinadzauonanso patapita mwezi uli pagombe lina, ukukokedwa ndi anthu osawadziwa.

Palinso nkhani ya dzina. Kuno ambiri mwana amatenga dzina loyamba la bambo ake kukhala chiwongo. Banja likatha mayi amamulembetsa kusukulu ndi dzina la malume kapena la bambo womupeza, ndiye pofika Fomu 4 satifiketi ikunena zina, chiphaso cha unzika zina, kalata yakubadwa zina. Ndaona anyamata akutaya mwayi wa ntchito pa chifukwa chimenechi. Bambo, kalembetseni mwana akangobadwa, ndipo dzina limene mwalemba likhale lomwelo paliponse.

Bambo anga anatchona ndili wakhanda. Abwera atakalamba, akudwala. Ndiwalandire?

Ili ndi funso limene anthu amandifunsa motsitsa mawu, ena atachoka. Chipembedzo, kaya cha kumzikiti kaya cha kutchalitchi, chimati lemekeza bambo ako. Achibale adzati magazi ndi magazi. Onsewo sanagone ndi njala imene munagona nayo inu, choncho sindikuuzani kuti muwakonde. Kuwapatsa phala ndi pogona n'kotheka mtima usanakhululuke, ndipo ngati simungathe kuwasunga m'nyumba mwanu, kugawana udindowo ndi abale awo si tchimo.

Chimodzi chokha ndimalangiza. Afunseni mafunso akadali ndi mpweya. Kwawo kwenikweni n'kuti, amayi awo anali yani, kumene anali anasiyako ana angati ndipo mayina awo ndani, m'banja mwawo mumayenda matenda anji. Ana anu adzafuna kudziwa zimenezi, ndipo sadaka ya masiku 40 ikadzatha sipadzakhalanso wofunsa. Funso lija lakuti "munatisiyiranji" mulifunse ngati mukufuna, koma yankho lake kawirikawiri limakhala laling'ono kuposa bala.

Amene anandifunsa komaliza ndi wakabaza wina amene ndinamuphunzitsa kalekale. Bambo ake anatsika basi ndi chikwama chimodzi patatha zaka zoposa 20, miyendo itatupa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine ayi," n'kupalasa njinga yake. Patapita milungu itatu ndinadutsa pakhomo pake. Ndinapeza mkuluyo atakhala pampando pansi pa mango, thawulo lili m'khosi, mnyamata uja akumumeta ndi lezala. Nkhope inali yomanga, osayankhula. Mkuluyo ankamuitana ndi dzina la mkulu wake amene anamwalira kale. Kachitatu mnyamatayo anaimitsa lezala, n'kupukuta pathawulo.

"Ameneyo kulibe, ababa. Ine ndine wamng'ono uja. Weramani ndimalize kumbuyoku."